Chithunzi Choperewera pa Filimu ya a Dokotala

Sajeni, mayi wofufuza milandu kupolisi, sankakonda milandu yobwera itapsa kale. Zaka khumi ndi zinayi za ntchito yofufuza zinamuphunzitsa kuti mlandu ukafika ndi wakuba wake, umboni wake ndi mboni zake zonse m'thumba limodzi, ndiye kuti alipo wina amene waulongedza. Mlandu wa kamera ya a Dokotala unafika choncho.

M'mawa wa Loweruka kamerayo inali pa tebulo lake, kabokosi kakuda ka maso awiri, lina pamwamba lina pansi, chikopa chake chitasupuka m'makona. Pambali pake panali kabuku kofiira ndi envelopu ya zithunzi. Nkhani yake inali yachidule. A Dokotala, dokotala wa mano wa mumsewu wa kumsika, anali ndi matenda osonkhanitsa makamera akale a filimu, ndipo m'kabati mwawo munali makumi atatu ndi imodzi. Ya maso awiriyi inakhala chaka chathunthu itauma osajambula, mpaka anakaipereka kwa mkulu wokonza mawotchi pa khonde la sitolo ya nsalu, amene aliyense ankangowatchula kuti a Mawotchi. Itabwerako, zithunzi zake zinatuluka zachimbuuzi. A Dokotala anati galasi la diso lapansi, lomwe ndilo limajambula, labedwa, ndipo m'malo mwake mwaikidwa lachabechabe. Umboni unali m'kabuku kofiirako. Nambala ya galasi yomwe analemba m'menemo kalekale inkathera ndi 83, pomwe yozokotedwa m'mphepete mwa galasi lomwe linali pa kamera inkathera ndi 33.

Sajeni yemweyu ndiye anakawamanga a Mawotchi Lachinayi masana, anthu ali unjiunji kuonerera. Mkuluyo sanalimbelimbe. Anangopempha kuti akhome kaye dilowa yawo, kenaka anapereka manja. Lachisanu Sajeni podutsa pa khondepo anapeza anthu akuvutitsa mwini sitolo ya nsalu kuti awatsegulire dilowayo atenge mawotchi awo. Zimenezo n'zomwe zinkamudya mumtima. Munthu wokonza zinthu za eni ake amadyera dzina, ndipo Lolemba a Mawotchi akangoima m'khoti, kaya apezeke olakwa kaya ayi, palibe amene akanawasiyiranso ngakhale wotchi ya pulasitiki.

A Inisipekita anasuzumira pakhomo, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Mukadali nawobe mlandu umenewo, Sajeni? Watha uwo. A Dokotala ndi munthu wolemekezeka, sanganamizire munthu wapakhonde. Lembani mutseke."

Sajeni anayang'ana dzino lagolide la bwana wakeyo, lomwe polisi yonse inkadziwa amene analiika, n'kuyankha kuti, "Chabwino, bwana." Galimoto itangotuluka pageti, iye ananyamula envelopu ulendo wa kuchitolokosi.

Anawapeza a Mawotchi atakhala pa benchi, msana uli chilili ngati ali pa tebulo lawo la ntchito. Diso lawo lakumanja linali lotsinzinira pang'ono chifukwa cha zaka zambiri zopanira kagalasi kokuzira zinthu, moti munthu ankaona ngati akumukayikira ngakhale pomupatsa moni.

"Bambo, ndifunsenso. Galasi lija munalimasula?"

"Ndinalimasula."

"Lachinayi simunanene zimenezo."

"Lachinayi simunandifunse, mwana wanga. Munali ndi unyolo m'manja. Chomwe chinauma m'kameramo ndi kachitseko kamene kamati tcha mukadina, ndipo kali kuseri kwa galasi. Ndikanafikako bwanji? Ndinamasula, ndinatsuka, ndinadonthezamo mafuta, ndinabwezera galasi lomwelo pamalo pake."

Yankho limeneli silinawathandize konse, ndipo Sajeni anadabwa kuti munthu wakuba angapereke yekha chingwe chomumangira.

"Nanga nambala yasintha bwanji?"

"Nambala ya pachitsulo siisintha. Za papepala sindingazidziwe, si ine mlembi."

"Mukuti a Dokotala akunama?"

"Ine ndanena za chitsulo." Anayang'ana envelopu ija. "N'zithunzi zomwe akundimangira izo? Zilipo zingati?"

Sajeni anawerenga. Mtengo wachimbuuzi, galu wachimbuuzi, khonde la nyumba lachimbuuzi.

"Khumi ndi chimodzi."

"Werenganinso."

"Ndati khumi ndi chimodzi, bambo."

A Mawotchi anatsamira khoma, ndipo kwa nthawi yoyamba chimangidwire anaoneka otopa.

"Kamera imeneyo imabala khumi ndi ziwiri pa filimu iliyonse. Inapangidwa choncho inu musanabadwe. Kafunseni komwe kwapita chinacho."

*

Fisi akatola fupa sadyera pomwepo, ndipo galasi lobedwa likanafuna msika, choncho Sajeni anayamba wadzera m'sitolo ya zinthu zakale. Munali mawailesi osalira, mataipi olembera makalata, ndi makamera olendewera pa misomali. Mwini wake ankadziwika ndi dzina loti Zilipo, chifukwa ndilo linali yankho lake pa chilichonse chomwe munthu angafunse. Anali wolankhula mothamanga ngati basi ikumusiya.

"Galasi la kamera ya maso awiri? Mayi, m'tauni muno anthu odwala filimu tilipo asanu ndi anayi basi, ndipo tonse timakumana kuseri kunoko Loweruka loyamba la mwezi. Munthu atati agulitse galasi lotero, ine ndingamve fungo lake asanawoloke msewu. Palibe wabwera nalo. Ndipo madala aja a mawotchi sagulitsa ndi kasikulu ka wotchi komwe, ndinayesapo kuwanyengerera, anandithamangitsa ngati nkhuku yolowa m'nyumba."

"Zithunzi izi munayamba mwaziona?"

"Iii, zimenezi? Tsiku limenelo kunali nkhani. A Dokotala anabwera atamanga tayi, akuyenda ngati apambana chisankho. Anaziyala pa tebulo amvekere, 'Anzanga, taonani ntchito ya galasi lenileni.' Ife tonse zii. Ndiye pali mkulu wina wopuma ntchito ya uphunzitsi, pakamwa pake palibe chitseko. Anangoti, 'A Dokotala, kodi munajambulira m'bafa madzi otentha akufuka?' Anthu kufa nako kuseka. Iwo anangosonkhanitsa zithunzi zawo, osatsanzika, tiyi wawo anazizirira pomwepo."

"Dikirani. Anabwera nazo kudzadzitama?"

"Kwambiri."

"Ndiye kuti eni akewo sanaone kuti n'zachimbuuzi mpaka atauzidwa?"

Zilipo anadzikanda kumutu.

"Mwina ndi chikondi, mayi. Mwana wako saoneka kunyansa."

Sajeni anayamba kukayikira kwina tsopano. Mwina mkuluyo, pochita manyazi ndi kusekedwa, anafuna munthu woti amusenzetse manyaziwo, ndipo wapakhonde ndiye anali wopepuka kumunyamula. Koma manyazi okha sasintha nambala m'kabuku.

"Amatsukitsa kuti mafilimu?"

"Kwina kuti? Watsala mmodzi yekha m'tauni muno. Kwa Namdima."

*

Namdima ankagwira ntchito m'kachipinda kopanda zenera kuseri kwa malo ometera tsitsi, ndipo dzinalo anamupatsa ndi ometawo, poti ankangomuona polowa ndi potuluka. Anali mayi wamkulu thupi, wa zala zachikasu ndi mankhwala, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu amawagula. M'kachipindamo munkanunkha viniga, ndipo mafilimu ankalendewera pa chingwe ngati zochapa.

Namdima anatulutsa mafilimu mu envelopu ya Sajeni ija, n'kuwayala pa galasi lowala kunsi.

"Ntchito yanga iyi. Koma si yonse."

"Mukudziwa bwanji?"

"Ine ndimadula zitatuzitatu. Zidutswa zinayi. Taonani ichi chili ndi ziwiri. Werengani timanambala ta m'mphepetemu."

Anamupatsa kagalasi kokuzira. Sajeni anawerama. Panali 8, panali 9, koma pomwe panayenera kukhala 7 filimuyo inathera m'malere.

"Ine ndimadula ndi mpeni wa makina, mzere umawongoka," anatero Namdima. "Apa padutsa sizasi yokhota. Ija ya kuchipatala."

"Chinali chithunzi cha chiyani?"

Namdima anagwada movutikira n'kukoka katoni pansi pa tebulo. Munali zithunzi zoyesera, zomwe ankatsuka poyamba kuti aone mphamvu ya kuwala asanatsuke zenizeni. Anafufuza, n'kutulutsa chimodzi.

Sajeni anachilandira. Anali a Dokotala atakhala pa mpando wa pakhonde, atavala jekete loyera la ntchito, manja onse awiri ali pa mawondo. Tsitsi lililonse la ndevu zawo linali lowerengeka. Ulusi wa batani lomwe linali pafupi kuthothoka unkaoneka. Chithunzi chakuthwa chotero Sajeni anali asanachionepo, ngakhale cha foni ya a Inisipekita.

"Filimu yomweyi?"

"Yomweyi."

"Galasi lomweli?"

"Galasi silisintha pakati pa filimu, mwanawe. Lomwe linajambula galu wachimbuuziyo ndi lomwe linajambula ndevuzi."

"Mwina anadzijambula okha."

"Kamera imeneyo ilibe kodzijambulira. Ndipo siili ngati zinazi, zoti munthu amangoika nambala ya mtunda n'kudina. Iyi umaigwira pamimba, n'kusuzumira pamwamba, n'kumapotokola kachitsulo ka pambali mpaka diso lako litakuuza kuti zakhala bwino. Ikufuna diso. Amene anajambula ichi, diso ali nalo."

Sajeni anatsegula kabuku kofiira, n'kuika kagalasi kokuzira pa nambala ija. Zomwe maso okha sanaone zinaonekera poyera. Theka lakumanja la 8 linali la inki yofwifwa ya zaka zambiri, pomwe theka lakumanzere linali lakuda bii, la dzulodzuloli. Poyamba inali 3, ndipo munthu wina anaitseka mimba.

"Envelopu anadzatenga ndani?"

"Akazi awo. Masiku ano ndiwo amadzatenga."

"Ndipo inu munamva kuti munthu wamangidwa chifukwa cha filimu imeneyi, chithunzi ichi chili pansi pa tebulo lanu, n'kungokhala duu?"

Namdima anayang'ana zala zake.

"Anandifunsa ndani? Komanso theka la mafilimu omwe ndimatsuka muno ndi a Dokotala. Akakwiya aja, ine ndikatsuke mbale za yani?"

Sajeni anapsa mtima, koma analibe pomutsutsira. Nayenso anali atamanga munthu osawerenga n'komwe zithunzi. Anaika chithunzicho m'thumba la malaya n'kutuluka, dzuwa la kunja likumubaya m'maso.

*

Chipatala cha mano chinali m'zipinda ziwiri zakutsogolo kwa nyumba ya a Dokotala, ndipo Loweruka chinkatsekedwa masana. Sajeni anafika wodwala womaliza ali pa mpando. Anakhala pa benchi yodikirira, pomwe chitseko chosatsekeka bwino chinkamuonetsa m'kati.

Wodwalayo anali atayasama, maso ali kudenga. A Dokotala, mkulu wamtali wa imvi zopesedwa bwino, anali atawerama ndi chitsulo m'manja. Akazi awo, mayi wochepa thupi wovala diresi yoyera, anaima mowaphatika paphewa, atagwira kachubu koyamwa malovu. Sajeni anaona kachubuko kakugogoda dzino limodzi kawiri, pang'onopang'ono, ndipo chitsulo cha a Dokotala chinatsatira pomwe panamveka kugogodako.

"Lomwelo, bambo," ananong'ona mayiwo. "Pang'ono cha kumbuyo."

Wodwala atapita, anamulowetsa Sajeni pabalaza. Khoma lonse linali kabati ya magalasi, makamera atandandalikidwa m'mashelefu, iliyonse ndi kapepala kake. A Dokotala ankalankhula ngati akuwerenga kalata ya boma.

"Mwatibweretsera nkhani yabwino, ndikhulupirira. Wavomera munthu uja? Ine sindifuna kuti avutike, ayi. Angobweza galasi langa. Anthu sadziwa, mayi. Amaona ngati ndi zidole. Koma iliyonse mwa izi inaonapo anthu amene lero kulibe. Ya maso awiriyo ndinaigula kwa mayi wina wamasiye ndi malipiro anga oyamba, ndipo ndi imene ndinajambulira akazi angawa tisanakwatirane."

Sajeni anaika kamera pa tebulo. Manja a mkuluyo anaipeza, anaisisita, anatsegula chivundikiro cha pamwamba ndi kuchitseka, mwaluso la munthu amene wachita zimenezo kambirimbiri. Mayiwo anabwera ndi tiyi pa thireyi.

"Pali kanthu kamodzi kotsala kuti ndimalize kulemba," anatero Sajeni. "Mundiwerengere nambala ya pagalasipo."

A Dokotala anapereka kamera kumanzere kwawo osacheuka, ndipo mayiwo anali atatambasula kale manja.

"Ayi, mayi. Awerenge okha. Odandaula ndi iwowa."

"Timalemba take n'tating'ono," anatero mayiwo msangamsanga. "Ngakhale mwana wa sukulu angavutike nato."

"Ine ndawerenga m'mawa uno popanda magalasi. Awerenge okha."

A Dokotala anavala magalasi awo. Anaimirira n'kupita pazenera. Anaipendeketsa kamera uku ndi uku, kuiyandikiza, kuitalikitsa. Wotchi ya pakhoma inkagunda, ndipo Sajeni anailola kuti igunde. Dzuwa litawawomba kumaso, anaona kamtambo koyera pakati pa diso lililonse, ngati dontho la mkaka m'madzi.

"Kuwala kwa lero si kwabwino," anatero a Dokotala.

Kunja kunalibe ndi kamtambo komwe.

Sajeni anatulutsa chithunzi chija n'kuwapatsa m'manja.

"Nanga uyu ndani?"

Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Munthu wovala zoyera. Wakhala pansi." Mawu awo anatsika. "Ndi ine?"

"Ndinu. Ndi chithunzi cha nambala 7 pa filimu yomwe mwabweretsa ngati umboni. Ndevu zanu zikuwerengeka imodziimodzi. Galasi lanu lili bwinobwino, a Dokotala, ndipo ndi lomwe lija munagula kwa mayi wamasiye."

Mkuluyo anatembenukira komwe kunali akazi awo.

"Chija munandijambula pakhonde? Si munati chinapsa potsuka?"

Mayiwo anakhala pa mkono wa sofa. Sanalire. Ankapinda ndi kupindula kansalu ka pa thireyi.

"Ndinachidula ndine. Zithunzi zinazo ndinaziona kuti zawonongeka, koma ndinati mwina anzanu aja sanena kanthu, poti amakulemekezani. Chokhacho ndicho ndinachotsa, kuti wina asafunse chifukwa chake changa chokha chatuluka bwino."

"Nanga nambala ija?" anafunsa a Dokotala.

"Tsiku lomwe anakusekani lija munabwera muno osadya, osalankhula. Munakhala pa mpando uwo mpaka dzuwa kupendeka. Kenaka munati, 'Ngati si galasi, ndiye kuti ndi ine, ndipo ngati ndi ine, Lolemba tikachotse chikwangwani panja.' Munandipatsa kamera ndi kabuku kuti ndifananize. Nambala zinali zofanana, bambo. Koma ndinayang'ana nkhope yanu, pakamwa panga panatuluka zina. Ndinati zasiyana. Munapuma ngati munthu amene watula katundu, ndipo munadya bwino tsiku limenelo. Mawa lake ndinatenga cholembera n'kukonza m'kabukumo kuti bodza langa likhale ndi poimira."

"Zaka makumi atatu ndi zisanu simunandinamizepo."

"Chaka chonse chino ndakhala ndikukunamizani. Ndani amakuuzani dzino? Mumayesa ndimagogoda chifukwa manja akunjenjemera? Ndinati titsirize chaka chino, tipeze ndalama zoti mukachotsetse ng'ala za m'maso mwanuzo kwina kutali komwe satidziwa, mubwere palibe wadziwa kanthu. Ndinkaganiza kuti kamerayo mungoibwezera m'kabati n'kumadandaula chamumtima. Sindinadziwe kuti mupita kupolisi."

"Atapita munadziwa," anatero Sajeni. "Lachinayi munadziwa. Lachisanu munadziwa. Lero m'mawa mwadzuka mukudziwa kuti munthu wagona pa simenti."

"Ndinadziwa," anavomera mayiwo. "Kawiri konse ndinafika pageti la polisi, n'kubwerera."

Sajeni anabwera ali ndi ukali wokwanira anthu awiri, koma tsopano unkamuthera m'manja, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa kwambiri. Anawamvera chisoni mayiwo, ndipo sanafune kuwamvera.

A Dokotala anavula magalasi n'kuwaika m'thumba.

"Mundipatse jekete, mayi. Osati loyerali."

*

A Inisipekita anaitanidwa pa foni, ndipo anabwera atavala zakunyumba, nkhope ili gwaa. Atamva nkhani yonse anatseka chitseko cha ofesi, momwe munali a Dokotala, akazi awo ndi a Mawotchi, n'kuyamba kulankhula motsitsa ngati pali maliro.

"Izi n'zapachibale. Tingolemba kuti panali kusamvetsetsana, a Dokotala achotsa dandaulo lawo, basi. Palibe chifukwa chotchulira za maso kapena za amayiwa. Bambo, ndinu mfulu. Mukhoza kutulukira khomo lakuseri, kuti anthu asakuunjikireni."

A Mawotchi anali akumanga lamba wawo yemwe anali atangobwezeredwa. Anamaliza kaye, n'kulowetsa malaya bwinobwino.

"Khomo lakuseri ndi la akuba, bwana."

"Ndiye mukufuna chiyani? Chipepeso? Zimenezo mukhoza kukambirana."

"Amayiwa ali ndi mlandu wosokoneza umboni," anatero Sajeni, osayang'ana bwana wake. "Mukafuna, ndiutsegula lero lomwe."

"Sindifuna kuti mayi wa msinkhu uwu akagone pomwe ndagona ine. Ndalama sindikuzifunanso. Ine munandimangira pakhonde, anthu akuona. Akandimasulire pakhonde pomwepo. Akanene ndi pakamwa pawo kuti sindinabe."

"Zimenezo n'zosavuta," anatero a Inisipekita.

"Akanenenso chifukwa chake zithunzi zinawonongeka. Akangoti 'sanabe', anthu adzati mkuluyu wapepesa mseri, wabweza galasi, a Dokotala amukhululukira poti ndi munthu wachifundo. Ndikuwadziwa anthu anga. Ndidzafa ndili wakuba wokhululukidwa."

Mayi aja anatsetsereka pa mpando n'kugwada pa simenti.

"Bambo, ndapota nanu. Wolakwa ndine. Ndikanene ndine, ndikati ndinasokoneza manambala. Koma za maso ayi. Msewu umenewo ndi womwe kumachokera odwala athu onse. Akakanena zimenezo pamenepo, ntchito yawo yathera pomwepo."

"Dzukani, mayi, musandigwadire." A Mawotchi analankhula mofatsa, koma sanasunthe. "Yanga ndiye inathera pomwepo Lachinayi. Komanso pali anthu amene akuyasamira chitsulo chawocho. Amenewo mwawafunsa?"

A Inisipekita anayendetsa lilime pa dzino lawo lagolide. Sajeni anadziwa kuti lamulo silikakamiza munthu kukaima pamsewu n'kudzivula yekha, ndipo akanafunsidwa akananena choncho. Koma a Dokotala sanafunse. Anaimirira, n'kukonza tayi.

"Akunena zoona. Tiyeni."

Anayenda wapansi, anthu anayi, a Inisipekita atatsala mu ofesi. Inali nthawi yomwe msewu wa kumsika umadzaza, ogula akubwerera ndi majumbo, amakaniko akusamba m'manja, atelala akutulutsa mipando panja. Anthu ataona a Mawotchi akubwera opanda unyolo, wapolisi ali pambali, a Dokotala ali pambuyo, anayamba kutsatira. Pofika pa khonde la sitolo ya nsalu panali gulu loposa la Lachinayi. Zilipo anali kutsogolo, ndipo kumbuyo kwenikweni Sajeni anaona Namdima ataphimba maso ndi dzanja chifukwa cha dzuwa.

A Dokotala anakwera masitepe awiri a khondelo mosamala, akufufuza ndi phazi. Anaima pafupi ndi tebulo la a Mawotchi, lomwe linali litachita fumbi.

"Ambiri a inu mukundidziwa," anayamba, ndipo mawu a kalata ya boma aja anali atawathawa. "Ndinamangitsa munthu uyu kuti anandibera galasi la kamera. Sanabe. Kamera anaikonza bwino, ndipo galasi ndi langa lomwe lija. Zithunzi zinawonongeka chifukwa ine amene ndinajambula sindikuona. Ndili ndi ng'ala m'maso monse muwiri, ndipo papita nthawi. Ndinasankha kukhulupirira kuti mnzanga ndi wakuba kusiyana n'kuvomera zimenezo. Ndamulakwira kwambiri."

Za akazi awo sanatchule. Msewu unangoti zii, kupatula wailesi ya kometera tsitsi yomwe inkaimba patali. A Mawotchi anagwedeza mutu kamodzi, anatulutsa kiyi, anatsegula dilowa, n'kuyamba kupukuta tebulo ndi kansanza ngati munthu amene wangochokera kokadya.

Mayi wina womanga mpango kuzungulira tsaya lotupa anali atawatsatira kuchokera pakona, akuyembekeza kuti mwina amuchitira chifundo ngakhale chipatala chatsekedwa. Anasendera kwa Sajeni, akulankhulira mbali imodzi ya pakamwa.

"Pepani achemwali, kodi dokotala wina wa mano amapezeka kuti?"

Sanakweze mawu, koma pamalopo panali chete, ndipo a Dokotala anamva. Anaima kanthawi pamwamba pa masitepe. Akazi awo anatambasula dzanja kuti awagwire pachigongono, kenaka analibweza msanga, monga anazolowera kuchita pamaso pa anthu chaka chonsecho.

"Gwirani ndithu, mayi," anatero a Dokotala. "Palibenso woti timubisire."